Mzinda wa Verona ku Italy: Malo Oyenera Kuona ndi Maulendo a Tsiku Limodzi

Verona ndi mzinda wakale umene uli kumpoto cakum'mawa kwa dziko la Italy, m'cigawo ca Veneto, pakati pa mizinda ya Milan ndi Venice. Mumzindawu mukhala anthu oposa pang'ono 250,000. Mtsinje wa Adige, umene ndi waciwiri kutalika m'dzikolo, umatsika kucokera ku mapiri a Alps ndi kukhota ngati uta, ndipo mbali yakale ya mzinda inamangidwa mkati mwa utawo. M'caka ca 2000 bungwe la UNESCO linaika Verona pa mndandanda wa malo amene dziko lonse liyenera kusunga.

Anthu ocokera m'dziko lino la Zambia akapita ku Italy kawirikawiri amathera ku Rome. Komatu Verona ali ndi ubale ndi Africa umene ambiri saudziwa. Woyera woyang'anira mzindawu anali bishopu wocokera mu Africa, ndipo cipani ca amishonale a Comboni, amene atumikira mu Lusaka ndi m'dayosizi ya Chipata, cinabadwira kumeneko.

Mbiri mwacidule

Anthu a ku Verona anapatsidwa unzika wa Roma m'caka ca 49 Khristu asanabadwe, ndipo miseu ya pakati pa mzinda ikali kutsata mizere yowongoka imene Aroma analemba. Zipata zao ziwiri, Porta Borsari ndi Porta Leoni, zikali ciimire. Kuyambira ca m'ma 1260 kufikira 1387 mzindawu unali m'manja mwa banja la della Scala. Kenako unalamulidwa ndi Venice kucokera mu 1405 kwa zaka pafupifupi 400, mpaka asilikali a Napoleon anafika. Pambuyo pao panabwera ulamuliro wa Austria, ndipo Verona anakhala mbali ya dziko la Italy m'caka ca 1866. Wolamulira aliyense anasiyapo zipupa zake, ndiye cifukwa cake munthu woyenda pansi kwa theka la ola amadutsa m'zaka 2,000.

Bwalo la Arena

Kucokera pa sitesheni ya sitima ya Porta Nuova, mlendo amayenda mphindi 20 kufika pa Piazza Bra, pamene pali bwalo lalikulu la Arena. Linamangidwa m'zaka 100 zoyambirira Khristu atabadwa, bwalo lochuka la Colosseum ku Rome lisanamangidwe, ndipo linali kulowa anthu pafupifupi 30,000. Kumeneko anthu anali kupenyerera amuna akumenyana ndi malupanga kapena kulimbana ndi zirombo. Cibvomezi ca mu 1117 cinagwetsa cipupa cakunja pafupifupi conse, kungotsala kacigawo kamene eni ake amakacha Ala, kutanthauza phiko.

Cimene cisiyanitsa Arena ndi mabwinja ena a Aroma ndi cakuti ikali kugwira nchito. Mu Ogasiti 1913, pokumbukira zaka 100 cibadwire wopeka nyimbo Giuseppe Verdi, m'bwaloli munaonetsedwa sewero lake loimba lochedwa Aida, lonena za mwana wamkazi wa mfumu ya ku Ethiopia wogwidwa ukapolo ku Egypt. Kucokera pamenepo masewero a opera amacitika m'cilimwe, kuyambira mu Juni mpaka kuciyambi kwa Seputembala. Amayamba dzuwa litalowa ndipo ena amatha pakati pa usiku patapitirira. Malo ochipa ndi masitepe a mwala a pamwamba, ndipo wokhala pamenepo acita bwino kutenga kamtsamiro, pakuti mwala sumvera munthu cisoni kwa maola anai. Bwalo lomweli linasankhidwanso kukhala malo a mwambo wotsekera masewera a Olympic a m'nyengo yozizira a 2026.

Misika, nsanja ndi manda a mafumu

Mseu wa masitolo wa Via Mazzini umafikitsa munthu pa Piazza delle Erbe, pomwe panali msika ndi bwalo la milandu m'nthawi ya Aroma. Msika ukalipo, ngakhale kuti masiku ano zogulitsa zambiri ndi tinthu ta cikumbutso ta alendo, osati ndiwo zamasamba zimene zinapatsa malowa dzina. Pambali pake pali nsanja ya Torre dei Lamberti, yotalika mamita 84, imene inayamba kumangidwa mu 1172. Ili ndi masitepe 368, koma muli cikepe cothandiza ofooka maondo. Pa khomo lolowera ku Piazza dei Signori palendewera fupa lalikulu lokhota, limene ambiri amati ndi nthiti ya cinsomba ca m'nyanja yamcere. Nthano ya kumeneko imati lidzagwera munthu woyamba kudutsapo amene sananamepo bodza. Lakhala pamenepo zaka mazana ambiri osagwa.

Pa Piazza dei Signori pali cifanizo ca mlakatuli Dante Alighieri. Iye anathamangitsidwa kwao ku Florence mu 1302 ndipo anasungidwa ndi banja la della Scala, makamaka Cangrande, amene anali wamphamvu kuposa onse a m'banjalo. Manda a mafumuwa, ochedwa Arche Scaligere, ali pabwalo capafupi, osemedwa ngati tinyumba tansonga. Cangrande anafa mwadzidzidzi mu 1329, atangolanda kumene mzinda wa Treviso, ndipo kunamveka mphekesera yakuti anadyetsedwa. M'caka ca 2004 akatswiri anatsegula manda ake napeza m'thupi mwake mankhwala a comera ca digitalis, amene amapha akacuruka. Kafukufuku wina wa pambuyo pake anaonetsa kuti mfumuyo inalinso ndi nthenda yacibadwa yosowa kwambiri, motero mlanduwo sunathe.

Nyumba ya Juliet

Khamu lalikulu koposa mumzindawu limapezeka pa nyumba nambala 23 mu Via Cappello, yodziwika kuti nyumba ya Juliet. Apa pafunika kunena zoona. Romeo ndi Juliet ndi anthu a m'sewero la William Shakespeare la m'zaka za m'ma 1590, ndipo nkhaniyo anaitenga kwa olemba ena amene anakhalako iye asanalembe, monga Luigi da Porto ndi Matteo Bandello. Palibe umboni wakuti Shakespeare anapondapo ku Italy. Nyumbayo ndi yakale ndithu, ndipo inali ya banja la dal Cappello, dzina lofanako ndi Capulet wa m'sewero. Koma khonde lam'mwamba limene alendo amalimbirana kujambulitsapo linaikidwa m'zaka za m'ma 1930, pamene akuluakulu a mzinda anaona kuti anthu akufuna khonde. Cifanizo ca mkuwa ca Juliet cinaperepeseka cifukwa cogwiridwa ndi anthu ofuna mwai m'cikondi, mwakuti mu 2014 anacilowetsa m'nyumba ndi kuika cina panja. Kulinso kagulu kodzipereka kochedwa Club di Giulietta kamene kamayankha makalata zikwi zambiri olembedwa kwa Juliet kucokera kumaiko osiyanasiyana. Wofuna kulowa m'nyumbamo agulire tikiti pa intaneti nthawi ikalipo. Wokhala ndi tsiku limodzi lokha asataye m'mawa wonse pa mzere wa pamenepa.

Chalichi ca San Zeno ndi bishopu wa ku Africa

Malo amene ayenera kupatsidwa nthawi yokwanira ali capatali pang'ono, mphindi 20 kuyenda pansi kucokera pa Arena kulowera kumadzulo. Ndi chalichi ca San Zeno Maggiore, cimodzi mwa zomangidwa zokongola koposa za m'zaka za m'ma 1100 kumpoto kwa Italy, cimene cinamangidwanso pambuyo pa cibvomezi cija ca 1117.

Zeno anali bishopu wacisanu ndi citatu wa Verona, ndipo anayamba udindowo ca m'ma 362. Mwambo wa Mpingo umati anacokera ku Mauretania, dera la kumpoto kwa Africa limene lero lili m'maiko a Algeria ndi Morocco, ndipo maulaliki ake pafupifupi 90 amene anasungika amaonetsa kuti anali kudziwa bwino olemba acikhristu a mu Africa. Anthu a ku Verona amamucha bishopu wakuda. M'chalichimo muli cifanizo cake ca mwala, nkhope yakuda, atakhala pa mpando akumwetulira, nsomba ikulendewera ku ndodo yake yaubusa. Akuti anali kuwedza yekha mu Adige kuti asalemetse akhristu ake ndi cakudya. Papa Gregory Wamkulu analemba kuti pamene mtsinjewo unasefukira mu 589, madzi anafika mpaka m'mazenera a chalichi ca Zeno koma sanalowe mkati. Mafupa ake asungidwa m'cipinda ca pansi pa guwa. Mzinda wa ku Ulaya umene kwa zaka zoposa 1,600 wakhala ukupemphera kudzera mwa munthu wa mu Africa ndi cinthu coyenera kuonedwa ndi maso, makamaka masiku ano pamene nkhani ya anthu ooloka nyanja kucokera ku Africa imagawanitsa andale a ku Italy.

Zitseko za chalichici zili ndi mbale za mkuwa 48 zosimba nkhani za m'Baibulo ndi za moyo wa Zeno, zosulidwa kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga amve. Pa guwa lalikulu pali cithunzi ca Andrea Mantegna ca m'zaka za 1457 mpaka 1459. Afalansa anacilanda mu 1797, ndipo pocibweza anatsalira ndi zidutswa zitatu za m'munsi, zimene zikali ku France mpaka lero. Zimene zioneka pa malo ake ndi zongojambula potengera. Papa Francis anacezera chalichici pa 18 Meyi 2024.

Ulalo, linga ndi tsidya la mtsinje

Pobwerera ca m'mbali mwa mtsinje pali linga la njerwa zofiira la Castelvecchio, lomangidwa m'zaka za m'ma 1350 ndi Cangrande Waciwiri, amene anali kuopa anthu ake omwe kuposa adani akunja. Ulalo wa lingali unali njira yake yothawira. Mu Epulo 1945 asilikali a Germany, pothawa, anaphulitsa maulalo a mzindawu, kuphatikizapo umenewu ndi wa Ponte Pietra wa m'nthawi ya Aroma. Anthu a ku Verona anabvuula miyala ndi njerwa mumtsinje ndi kumanganso maulalo onse awiri monga analili. Lero lingali ndi nyumba yosungiramo zithunzi. Mu Novembala 2015 mbala zinabamo zithunzi 17, zimene zinapezeka ku Ukraine caka cotsatira.

Kutsidya kwa Ponte Pietra kuli bwalo lina la Aroma la masewero, ndi phiri la Castel San Pietro pomwe mzinda wonse umaonekera bwino dzuwa likamalowa. Pafupi ndi chalichi cacikulu ca dayosizi pali Biblioteca Capitolare, imene imawerengedwa pakati pa nyumba za mabuku zakale koposa zimene zikali kugwira nchito. Muli buku lolembedwa pamanja lokhala ndi deti la caka ca 517.

Kutsidya kwa mtsinje, mbali ya Castel San Pietro, mu kamseu ka Vicolo Pozzo, kuli likulu lakale la amishonale a Comboni ndi nyumba yao ya Museo Africano, yotsegulidwa mu 1938. Daniele Comboni anaphunzira ku Verona, nadzozedwa unsembe mu 1854, napita ku Sudan mu 1857. Ataona kuti amishonale a ku Ulaya akungofa ndi malungo, mu 1864 analemba ndondomeko yakuti nchito ya Mpingo mu Africa iyenera kugwiridwa ndi anthu a mu Africa eni ake. Anayambitsa cipani ca ansembe mu 1867 ndi ca masisitere mu 1872. Anamwalira ku Khartoum pa 10 Okutobala 1881 ali ndi zaka 50, ndipo Papa John Paul Waciwiri anamuika m'gulu la oyera pa 5 Okutobala 2003.

Nyanja ya Garda

Ulendo woyamba wa tsiku limodzi ndi wa ku Garda, nyanja yaikulu koposa mu Italy. Ndi yotalika makilomita pafupifupi 52 ndipo pena ndi yakuya mamita 346. Wozolowera Kariba adzaiona ngati yaing'ono, koma kumpoto kwake mapiri amatsikira m'madzi mwenimweni. Sitima imatenga mphindi pafupifupi 15 kufika ku Peschiera del Garda, kumene kumayambira maboti ndi mabasi. Ku Sirmione kuli linga la banja la della Scala lozingidwa ndi madzi, akasupe a madzi otentha, ndi mabwinja a nyumba yaikulu ya Aroma ochedwa Grotte di Catullo, potengera dzina la mlakatuli Catullus wobadwira ku Verona. M'cilimwe timiseu ta kumeneko timadzaza zedi, motero ndi bwino kulawira.

Cakumpoto kuli Malcesine, kumene ngolo zoyenda pa cingwe zimakweza anthu pa phiri la Monte Baldo kufika mamita oposa 1,700. Kucokera pamenepo boti imaolotsa anthu kupita ku Limone sul Garda, mudzi umene Comboni anabadwira pa 15 Malichi 1831. Makolo ake anali anchito m'munda wa mandimu wa munthu wina, ndipo mwa ana ao asanu ndi atatu ndiye yekha amene anakula. Nyumba imene anabadwiramo ikalipo pa malo ochedwa Tesöl ndipo imalandira alendo. Kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930 mudziwu unalibe mseu wa motoka, anthu anali kufikako pa boti kapena kudzera m'tinjira ta m'mapiri. Ulendo wa ku Limone ndi wautali, ndipo umafuna tsiku lathunthu ndi kuyang'anitsitsa nthawi ya boti yomaliza.

Kum'mwera kwa nyanjayi kuli Solferino, kumene pa 24 Juni 1859 kunamenyedwa nkhondo yoopsa pakati pa Austria ndi magulu a France ndi Sardinia. Henry Dunant wa ku Switzerland anaona asilikali zikwi zambiri obvulala atasiyidwa opanda thandizo, nagwirizana ndi azimai a ku Castiglione delle Stiviere kuwasamalira mosayang'ana mbali. Zimenezi ndizo zinabala bungwe la Red Cross mu 1863, ndipo ku Castiglione kuli nyumba yosunga mbiri yake.

Okonda maulendo a mapemphero amapitanso ku Madonna della Corona, chalichi comamatira ku thanthwe la Monte Baldo pa mamita 774. Njira yapafupi ndi yotsika kucokera m'mudzi wa Spiazzi. Amphamvu amakwera kucokera ku Brentino, masitepe oposa 1,500.

Mantua, Padua, Schio ndi Venice

Mantua ali pa mtunda wa mphindi pafupifupi 45 pa sitima. Ndi mzinda wabata wozingidwa ndi nyanja zitatu, umene banja la Gonzaga linalamulira kuyambira mu 1328 kwa zaka pafupifupi 400. Nyumba yao yacifumu ili ndi zipinda pafupifupi 500, koma cimene anthu amapitira ndi cipinda cimodzi, Camera degli Sposi, cojambulidwa ndi Mantegna yemwe uja. Ku Padua kuli manda a Antonio Woyera, amene anamwalira mu 1231, ndi kachalichi ka Scrovegni kojambulidwa ndi Giotto ca m'ma 1305, komwe munthu amalowa atalembetseratu ndipo amapatsidwa mphindi zowerengeka cabe. Ku Vicenza kuli nyumba za mmisiri Andrea Palladio.

Kucokera ku Vicenza sitima ina imapita ku Schio, tauni yaing'ono ya m'tsinde mwa mapiri kumene kuli manda a Josephine Bakhita. Iye anabadwira ku Darfur m'dziko la Sudan ca m'ma 1869, anabedwa akali mwana ndi kugulitsidwa kangapo, nafika ku Italy mu 1885 ali wanchito. Mu 1889 anakana kubwerera ku Sudan ndi mai amene anali kumuona ngati katundu wake, ndipo akuluakulu a zamalamulo ku Venice anagamula kuti ndi mfulu. Analowa cipani ca masisitere a Canossa, nacita malumbiro ake ku Verona mu 1896, ndipo anakhala ku Schio zaka zambiri akuphika, kusoka ndi kulandira alendo pa khomo. Anamwalira pa 8 Febuluwale 1947 naikidwa m'gulu la oyera mu 2000. Tsiku la imfa yake ndilo Mpingo wa Katolika unapatula kuti likhale lopempherera anthu ogulitsidwa ndi kuzembetsedwa.

Venice ali pa mtunda wa ola limodzi ndi theka kapena kuceperapo, malinga ndi sitima. Kuyambira mu Epulo 2024 mzindawo unayamba kulipiritsa alendo a tsiku limodzi pa masiku ena a khamu, ndipo ndalamayo imalipiridwa pa intaneti.

Cakudya

Munthu wa ku Zambia sadzasowa nsima kwenikweni, pakuti ku Veneto amadya polenta, yophikidwa ndi ufa wa cimanga cacikasu, nthawi zina yofewa, nthawi zina yodulidwa ndi kuocha. Cofunika kusamala ndi ndiwo. Pastissada de caval, cakudya conyadiwa ca ku Verona, ndi nyama ya hachi, ndipo m'malesitilanti ena mulinso ya bulu. Wosadya zimenezi afunse asanaitanitse. Mapiri a Valpolicella, kumpoto cakumadzulo kwa mzinda, ndi kwao kwa vinyo wa Amarone, wopangidwa ndi mphesa zoyanikidwa miyezi itatu kapena inai zisanafinyidwe, ndipo mpunga wophikidwa ndi vinyoyo ndi cakudya cina ca kumeneko.

Zofunika kudziwa asananyamuke

Nzika ya Zambia ifunika viza ya Schengen, imene imapemphedwa kudzera ku ofesi ya kazembe wa Italy mu Lusaka, ndipo imalola kukhala masiku osapitirira 90 mkati mwa masiku 180. Kulibe ndeke yocoka ku Lusaka molunjika ku Italy. Anthu amadzera ku Addis Ababa, Doha kapena Dubai ndi kutera ku Milan, Venice kapena Rome, kenako kukwera sitima. Nyengo ndi yosemphana ndi ya kuno: Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi yotentha ndi yodula, pamene Disembala ndi Januwale kumazizira kwambiri ndipo kumagwa nkhungu. Meyi ndi Seputembala ndiyo miyezi yabwino. Mu Epulo malo ogona amasowa pa masiku a cionetsero ca vinyo ca Vinitaly.

Khadi ya Verona Card, ya maola 24 kapena 48, imalowetsa munthu m'malo ambiri ochuka ndi m'mabasi a mumzinda, ndipo imapulumutsa ndalama kwa woyendera malo anai kapena asanu. Nyumba zina zosungiramo zakale sizitsegula pa Lolemba. M'machalichi amafuna zobvala zobisa mapewa ndi maondo, ndipo pa nthawi ya Misa saloleza kuyendayenda ndi kamera. Tikiti ya pepala ya sitima za m'cigawo iyenera kudindidwa pa kamakina ka pa sitesheni munthu asanakwere. Wosadinda amalipiritsidwa faindi ngakhale tikitiyo anaigula bwinobwino, ndipo kunena kuti ndi mlendo sikumupulumutsa.